Miyendo ikakana chitunda: chikhristu cha okalamba ku Dedza

Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julaye, Akatolika padziko lonse amakumbukira agogo ndi okalamba. Tsikuli analikhazikitsa ndi Papa Francis mu 2021, ndipo analiika moyandikana ndi pa 26 Julaye, tsiku la Yoakimu ndi Anna, amene Mpingo umati ndi makolo a Maria, kutanthauza kuti agogo ake a Yesu. Nthawi imeneyo ku Roma kumakhala kukutentha. Ku Bembeke kumakhala chisanu cholowa m'mafupa, nkhungu itakuta mapiri mpaka dzuwa kukwera, ndipo eni tsikulo ambiri safika n'komwe kutchalitchi. Belu likamalira amakhala ali pakhonde, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, akudikira kuti kadzuwa kawapeze.

Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri limene lili kumbuyo kwake limapitirira mamita 2,000. Mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba zimakondwa nako kuzizirako, koma mawondo a munthu wa zaka 75 sakondwa nako. Kuchoka m'mudzi kupita ku nyumba ya mapemphero pamakhala chitunda, kenaka khwawa, kenaka chitunda china. M'dzinja njirayo ndi matope oterera, mu Juni ndi Julaye ndi mame ozizira ngati madzi a mumtsuko. Ansembe a White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Mua kuchigwa mu 1902, ankakwera ku Bembeke kukapuma kutentha ndi malungo a kunyanja, mpaka malowo anakhala mishoni payokha mu 1910. Mphepo yomweyo imene inkachiza ansembe ndi imene lero imatsekera nkhalamba m'nyumba.

Okalambawo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu anali asanakwanitse zaka 18, pamene a zaka 60 kupita m'tsogolo anali ngati mmodzi pa anthu 20 aliwonse. N'chifukwa chake mpingo uliwonse maso ake ali pa achinyamata: makwaya, misonkhano, masewera, zoyankhulira zamphamvu. Palibe cholakwika pamenepo. Koma munthu akayang'ana bwino amene amasunga makiyi a tchalitchi, amene amagona kusiwa, amene amayanjanitsa banja likafuna kutha, apeza kuti ambiri ndi a imvi.

Tiyerekeze mayi amene anabadwira kufupi ndi Bembeke mu 1945. Anali ndi zaka 12 pamene Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua, anadzozedwa kukhala episkopi mu 1957, Mmalawi woyamba kufika pa udindowo, monganso anali woyamba kukhala wansembe wa Chikatolika mu 1937. Mayiyu anaphunzira kuyankha Misa m'Chilatini, ndipo ali kale ndi ana anaona wansembe akutembenuka kuyang'ana anthu n'kuyamba kupemphera m'Chichewa. M'ma 1980 anaona anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique akudzaza midzi ya m'malire. Pa 8 Malichi 1992 anamva kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi ikuwerengedwa kuguwa, ndipo pakati pa oisayina panali episkopi wake, Gervazio Chisendera. Kenaka kunabwera Edzi. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004, koma pofika nthawiyo mabanja ambiri anali ataika kale ana awo aakulu, ndipo njala ya 2002 inapeza agogo ochuluka akuphikira zidzukulu zamasiye. Mu 2020, ali ndi zaka 75, anauzidwa kuti chifukwa cha Covid-19 anthu a msinkhu wake ayambe akhala kunyumba.

Mlaliki wachinyamata akaimirira kutsogolo kwa munthu wotere n'kumufotokozera za kupirira, ayenera kusamala mawu ake.

Maulaliki ambiri onena za ukalamba amautenga ngati nthawi yopuma, ntchito itatha, munthu akungoyamika ndi kudikira. Mabuku achikhristu ochokera kunja amalankhula choncho chifukwa amalembedwera anthu a penshoni. Kwa Kaphuka, kwa Kasumbu kapena kwa Kachere, penshoni ali nayo ndi aphunzitsi akale, apolisi akale ndi ena ochepa. Otsalawo amapuma tsiku limene khasu lawakanika. Thandizo la Mtukula Pakhomo, limene boma linayamba kuyesera ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano lili m'maboma onse, limafikira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanjawo amatsogoleredwa ndi nkhalamba. Koma ndi makomo owerengeka pamudzi amene amalowa m'kaundula. Enawo amadalira dimba, mbuzi ziwiri, ndi kandalama kamene mwana wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg angatumize pa foni, ngati wakumbuka.

Baibulo lenilenilo silikometsa ukalamba monga amachitira alaliki. Mutu wotsiriza wa buku la Mlaliki umawerenga zimene zimatha chimodzichimodzi: mano, maso, makutu, tulo, ndipo umatchulanso mantha a malo okwera, zimene munthu wa ku Dedza safunika kumumasulira. Salmo 71 ndi pemphero la munthu wa imvi amene akuopa kusiyidwa yekha. Salmo 90 imaika malire a moyo pa zaka 70 kapena 80. Ndipo kumapeto kwa Uthenga Wabwino wa Yohane, Petro akuuzidwa kuti idzafika nthawi imene ena adzamuveka ndi kumutengera kumene iye sakufuna. Okalamba amawakonda malemba amenewa, mwina chifukwa sawanamiza.

Chovuta n'chakuti pamene awafuna kwambiri, m'pamene maso amayamba kuchita chidima.

M'nyumba zambiri za Akhristu a CCAP muli Buku Lopatulika lachikuto chakuda, masamba atafiira ndi utsi, msana wake utamatidwa ndi kansalu. Baibulo limeneli linatuluka mu 1922, ntchito yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo Chichewa chake ndi chimene chinakhazikika m'makutu a mibadwo ingapo. Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, linabwera mu 1998 ndi Chichewa chosavuta, koma agogo ambiri amati silimveka ngati Baibulo. Ng'ala ikaphimba maso, ntchito yowerenga imagwera mdzukulu wa Sitandade 6. Amatsegula Mlozo, kabuku ka Sinodi ya Nkhoma kosonyeza lemba la tsiku lililonse, n'kuyamba kuwerenga modukiza, chala chili pamzere. Akafika pa mawu achikale amene sanawamvepo kusukulu amapunthwa, ndipo agogo, maso ali kudenga, amamuwongolera kuchokera pamtima, nthawi zina n'kumalizitsa okha vesi yonse. Nyimbo za Mulungu nazo safuna buku, mungotchula nambala.

Ng'ala imachizika, ndipo anthu a kuno ali ndi mwayi chifukwa chipatala cha Nkhoma, chimene chili kutsidya kwa malire, m'boma la Lilongwe, chinatchuka kalekale ndi opaleshoni ya maso. Komabe alipo okalamba amene amakhala zaka mumdima poganiza kuti khungu ndi gawo la ukalamba, kapena posowa ya thiransipoti ndi munthu wowaperekeza. Mpingo umene ungasonkhe ndalama ya minibasi ya nkhalamba zake zitatu ungachite zambiri kuposa ulaliki wa mwezi wathunthu. Pakadali pano chimene chimawagwira ambiri ndi wailesi: Misa ndi kolona pa Radio Maria, kapena mapemphero a m'mawa pa nyumba zina zoulutsira mawu, bola mabatire akhalepo.

Kwa amayi, ukalamba umabwera ndi udindo umene unayamba kale chikhristu chisanafike. M'mapanga a ku Chongoni, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo zina mwa zoyera zija zinkajambulidwa ndi amayi pophunzitsa atsikana m'chinamwali. Amishoni a Nkhoma analetsa Akhristu awo chinamwali cha kumudzi, koma anaona kuti mtsikana sangakule wopanda womulangiza, choncho anakhazikitsa chilangizo, ndipo mpando wa anamkungwi unatengedwa ndi alangizi a mumpingo. Mu 1940 kunabadwa Chigwirizano cha Amayi, chimene Isabel Apawo Phiri anachifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la 1997 lonena za amayi achichewa mu Sinodi ya Nkhoma. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera zinakhala chizindikiro cha mayi amene mudzi ungamudalire pa matenda ndi pa maliro. Kumunsi kwa phiri lomwelo la Chongoni kuli malo ophunzitsira atsogoleri a mpingo amene anapatsidwa dzina la Namoni Katengeza, mmodzi wa abusa oyambirira achimalawi a sinodiyi. Kalata ya Paulo kwa Tito, imene imapatsa amayi achikulire ntchito yophunzitsa amayi achitsikana, kuno inagwera panthaka yolimidwa kale.

Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambiwu aliyense amaudziwa, koma masiku ano moto wina umayakira pa akuluakulu omwewo. Mwana akadwala modabwitsa, mnyamata akalephera mayeso kawiri, bizinesi ikagwa, maso amatembenukira kwa gogo wa kumapeto kwa mudzi, makamaka ngati ndi wamasiye, wosauka, wofiira maso ndi utsi wa nkhuni, kapena wayamba kuiwala ndi kuyankhula yekha. Matenda oiwalaiwala a muukalamba anthu ambiri sawadziwa ngati matenda. Gogo akapezeka usiku pakhomo pa eni atasokera, ena amati wagwa pa ndege ya ufiti. Mu Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinayi za banja limodzi zinaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Dziko linadzidzimuka, koma nkhani zotere sizinathe, ndipo bungwe la MANEPO, limene limalankhulira okalamba, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za kuphedwa ndi kuzunzidwa kwawo.

Lamulo lilipo. La 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba. Koma pa nkhaniyi mipingo siingasambe m'manja. Pali mapemphero ena a masiku ano amene vuto lililonse amalipezera mwini wake, ndipo mneneri akauza mnyamata kuti amene akumutsekera mwayi ndi wachikulire wa kwawo, mnyamatayo sachita kufunsa kuti ndani. Amabwerera kumudzi atakwiya kale. Zimachitika kuti gogo amene akulozedwa chala ndi yemwe uja anamulera mayi ake atamwalira, ndiponso ndi wa Chigwirizano kapena wa Legio ya Maria wa zaka makumi anayi. Mbusa kapena wansembe amene amatchula nkhaniyi poyera paguwa, n'kupita kukakhala pamphasa ya gogo wonenedwayo anthu akuona, amakhala wateteza moyo.

Abambo ukalamba wawo uli ndi minga yakeyake. M'midzi yambiri ya Achewa mwamuna amakhala chikamwini kwa mkazi wake. Munda ndi wa mbumba ya mkaziyo, ana ndi a kuchikazi. Mkazi akatsogola, mwambo wa kusudzula ukachitika, bambo wa zaka 70 angathe kupezeka akubwerera kwawo kumene anachoka ali mnyamata, kumene amene ankamudziwa ambiri ali kumanda. Amafika ndi kalata yosamukira mpingo m'thumba, ndipo nthawi zina akulu a mpingo ndiwo amayamba kumulandira abale asanamuzolowere.

Ena amalowa kalasi ya ubatizo imvi zili mbuu. Zifukwa zake n'zodziwika. Wina anali wamitala, ndipo wakhala ndi mkazi mmodzi tsopano. Wina moyo wake wonse anali wa kudambwe, ku Gule Wamkulu, umene mipingo yonse iwiri, ya Katolika ndi ya Nkhoma, inalimbana nawo kwa zaka zambiri. Ku Mua, Bambo Claude Boucher atatsegula Kungoni mu 1976, anayesa kuonetsa kuti Mchewa sayenera kudana ndi makolo ake kuti akhale Mkhristu, ndipo zigoba za gule mazanamazana zimene zili mu Chamare Museum ndi umboni wa ntchitoyo. Koma m'midzi mzere udakalipo, ndipo umaonekera bwino pa maliro: kubwera gule kapena kubwera kwaya. Achinyamata amaseka kuti madala aopa moto, n'chifukwa chake athamangira ubatizo dzuwa litapendeka. Fanizo la Yesu la antchito a m'munda wamphesa, amene ena analembedwa ntchito madzulo koma n'kulandira malipiro ofanana ndi anzawo, linayankha kale chiseko chimenechi.

Palinso amene anathera unyamata wawo kumigodi. Dedza inatumiza amuna ambiri ku Joni ndi ku Harare. Ulendo wa kumigodi kudzera ku Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, kenaka unayambiranso pansi pa TEBA mpaka 1988. Ena anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ena anatchona. Sinodi ya Harare ya CCAP inakula ndi anthu oterewa, ndipo m'mipingo yake nyimbo za Chichewa zikuimbidwabe ndi nkhalamba zimene sizinaonenso phiri la Dedza. Amene anabwerera mochedwa angamumvetse Barizilai wa m'buku lachiwiri la Samueli. Mfumu Davide inamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu, koma iye, ali ndi zaka 80, anakana: chakudya sichinkamukomeranso, nyimbo sankazimvanso bwino, ndipo ankafuna kufera kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. M'malo mwake anatumiza Kimuhamu, wachinyamata. Alaliki amakonda Kalebe, amene pa zaka 85 ankapemphabe phiri loti alilande. Nkhalamba zambiri zili ngati Barizilai, ndipo Baibulo silimudzudzula.

Nanga miyendo ikakaniratu? Apa m'pamene mpingo umaoneka mtima wake. Kwa Akatolika yankho lili m'miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana timene maepiskopi a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zolimbikitsa mu 1973. Parishi ya kumapiri imakhala ndi nthambi zambiri ndipo wansembe sangafike paliponse, choncho ndi a mphakati amene amadziwa kuti gogo wakuti sanatuluke sabata ziwiri. Tsiku lobweretsa Ukaristia, pakhomo pamasesedwa m'mamawa. Amayala mphasa, n'kuika kampando kophimbidwa ndi nsalu yoyera, kandulo ndi kamtanda. Gogo amasambitsidwa, amavala chitenje chake cha Mpingo chimene chimasungidwa pansi pa sutikesi. Mwambo wonse sutenga nthawi, koma alendowo sanyamuka msanga, chifukwa mwini nyumba amafuna kumva zonse: wakwatiwa ndani, denga la tchalitchi lafika pati, bambo mfumu atsopano ndi a kuti. Sakramenti la kudzoza odwala, limene kale anthu ankaliona ngati chizindikiro chakuti basi kwatha, Mpingo umaphunzitsa tsopano kuti wokalamba wofooka angathe kulandira ngakhale asali kayakaya, koma mabanja ena amazengerezabe kuitana wansembe poopa kuitana imfa.

Ku CCAP abusa ndi akulu a mpingo amapititsa Mgonero kunyumba za ofooka, ndipo amayi a Chigwirizano amafika ndi mtolo wa nkhuni, kambale ka ufa, sopo ndi mchere. Amatunga madzi, amazira nyumba, amaimba nyimbo imene mwini wake wasankha. Mu Julaye wa ku Dedza, nkhunizo ndi theka la ulaliki.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri, m'mipingo yosiyanasiyana, ndi la makadi. Mtulo, chakhumi, masika, chopereka cha chitukuko: zonse zimalembedwa, ndipo munthu akamwalira pamakhala ena amene amayamba atsegula kaundula asanavomere kuti kwaya ikaimbe. Kwa gogo amene anaumba njerwa za tchalitchicho ndi manja ake, koma zaka zisanu zapitazi sanathe kupereka kanthu, nkhani imeneyi imamusowetsa tulo kuposa imfa yeniyeniyo. Atsogoleri ambiri amati okalamba ndi odwala sakakamizidwa, koma mawuwo safika nthawi zonse kwa mlembi wa kunthambi, ndipo safikanso kwa gogo mwini wake, amene amagulitsa nkhuku yake yomaliza kuti khadi likhale loyera. Mpingo woyamba unkachita mosiyana. Kalata yoyamba ya kwa Timoteo imanena za kaundula wa amayi amasiye a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo anali kaundula wa anthu oti mpingo uziwasamala.

Atsogoleri nawo amakalamba. Malamulo a Chikatolika amapempha episkopi kuti akakwanitsa zaka 75 apereke kalata yotula pansi udindo. Chitsulo sanafikepo, anamwalira pa 28 Febuluwale 1984 ali ndi zaka 74, akadali pampando. Chisendera anatula udindo mu 2000 n'kusiyira Rémi Sainte-Marie, amene pambuyo pake anasamukira ku Lilongwe n'kukapuma mu 2013. Episkopi wopuma amakhala ndi pogona ndi omusamala. Za katekisiti amene anayendetsa nthambi zaka 30 pa njinga yakeyake, kapena mlaliki wa kumudzi amene sanalembedwepo pa malipiro, zimatsalira ana ake ndi chifundo cha Akhristu. Ngakhale abusa opuma amadziwa kuti tsiku lotsanzikana amatuluka m'nyumba ya mpingo, ndipo amene sanamange yake akadali pa ntchito amayamba kufunafuna malata ali ndi zaka zoposa 60. Lamulo la okalamba la 2024 lija likunena za udindo wa boma, mabanja ndi anthu a m'dera. Za antchito akale a mipingo, ma sinodi ndi madayosizi ayenera kudzilembera okha.